Kodi Munthu wa Mitima Iwiri Angakonde Ufulu?

Pali mau amene ife macona tiwamva kawirikawiri, kwathu ku Malawi ndi kuno kucilendo komwe, akuti munthu amene mtima wace uli pawiri sangathe kumenyera dziko nkhondo ya ufulu ndi mphamvu zace zonse. Ati uyu ndi Mtumbuka poyamba, uyo wakhalitsa ku Johannesburg, winayo alemekeza mfumu yace koposa mbendera; nanga tingawakhulupirire bwanji? Ife tikana mau amenewa, ndipo umboni wathu tiutenga pomwe pano pa Gaborone, mzinda umene ambiri a inu, abale athu, mugwiramo nchito osadziwa cifukwa cace unamangidwa pa malo ano.

Kale, pamene dzina la dziko lino linali Bechuanaland, likulu lace linali ku Mafeking, kunja kwa malire, m'dziko la South Africa. Atswana a ku South Africa ngocuruka koposa a kuno, ndipo Barolong ndi Bakgatla malire anawadula pakati, monga anadulira Acewa pakati pa Malawi, Zambia ndi Mozambique. Munthu wa kuno pofunsidwa za mtundu wace anali kuyankha kuti ndi wa Bangwato, kapena wa Bakwena, kapena wa Bangwaketse. Kukhala pawiri kukadakhala kuti kumapha cikondi ca dziko, lero kukadakhala kulibe Botswana.

Koma taonani cimene cinacitika. M'caka ca 1895 mafumu atatu, Khama III, Sebele I ndi Bathoen I, anaoloka nyanja kunka ku London kukapempha kuti dziko lao lisaperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes. Sanapite monga akuru a fuko limodzi, pakuti yense anali kucinjiriza malo a anthu ace; koma mantha amodzi anawamanga mtolo umodzi. Pambuyo pace lamulo la 1909, limene linapanga Union ya South Africa, linasiya khomo lotseguka kuti dziko lino lidzalowe m'menemo, ndipo amene anaima pa khomolo zaka zambiri ndiwo mafumu omwe, makamaka Tshekedi Khama. Kukonda mudzi ndi mfumu ndiko kunasunga dziko kufikira nthawi imene anthu anayamba kuliyesa lao onse.

Nanga mau a ufulu wodzilamulira anafika ndi yani? Anafika ndi macona. Motsamai Mpho, wa mtundu wa Bayeyi wa ku Ngamiland, anali wa ANC ku Johannesburg, anazengedwa mlandu woukira Boma m'caka ca 1956, napitikitsidwa m'caka ca 1960. Caka comweco iye ndi Philip Matante ndi Kgalemang Motsete anayambitsa Bechuanaland People's Party. Ife a kwathu sitizizwa nazo izi, pokumbukira Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la anchito la ICU ku Cape Town m'caka ca 1919. Kawirikawiri munthu ayamba kumva kulemera kwa dzina la dziko lace pamene kapitao amuitana nalo kumgodi.

Tisabise kuti anthu amenewa anadza atanyamulanso mikangano ya kumene anacokera. Mpho anali wa ANC, Matante anatsamira ku PAC, ndipo m'caka ca 1962 cipani cao cinang'ambika. Pa cisankho ca March 1965 gulu la Matante linapeza mipando 3 yokha mwa mipando 31, iwiri ku dera la Francistown ndi umodzi ku Mochudi. La Mpho silinapeze ndi umodzi womwe. Yotsala 28 inatengedwa ndi cipani ca Seretse Khama.

Seretse nayenso anali wa pawiri, kapena titi wa patatu: mdzukulu wa Khama III, wophunzira malamulo ku England, ndi mwamuna wa mkazi wa Cizungu, Ruth Williams, amene ukwati wao wa 1948 unamcotsetsa m'dziko lace kufikira 1956. Bangwato anamsankha monga mfumu yao cingakhale anali atatula ufumuwo. Aphunzitsi ndi alimi onga Quett Masire wa ku Kanye anamtsata monga munthu wa makono, wofuna kucepetsa mphamvu za mafumu. Azungu a minda anaona mwa iye munthu amene sadzawapitikitsa. Yense anaponya voti ndi mtima wina, koma ufulu umene unadza pa 30 September 1966 unali umodzi. Tsono ife tiona kuti kukhala pawiri sikucepetsa njala ya ufulu ai. Nchito yace ndiyo kulozera munthu mtundu wa ufulu umene adzaubvomera, ndi mtsogoleri amene adzamkhulupirira. Akuru a nthawi imeneyo anadziwa ici, ndipo pocotsa Boma ku Mafeking m'caka ca 1965 analikhazika pano, m'mbali mwa njanji, pa malo amene sanali mudzi wa mfumu ya mtundu uli wonse wamphamvu, kuti pasaoneke wonena kuti dziko lagwa m'manja mwa akuti. Ndipo nyimbo ya fuko anaipeka ndi Motsete yemwe uja, wa cipani cogonja.

Komabe walira mvula walira matope. Malamulo akuru a 1966 anachula mitundu 8 yokha ya Citswana kuti mafumu ace akhale m'Nyumba ya Mafumu cifukwa ca ubadwa. Bakalanga, amene abale ao ali tsidya la malire ku Zimbabwe, ndi Bayeyi a kwao kwa Mpho, ndi Basarwa, anauzidwa mwa njira imeneyi kuti umodzi wa mitima yao aubise. Bayeyi anakafika ku Khoti Lalikuru, limene m'caka ca 2001 linabvomereza mbali ina ya dandaulo lao. Ndime zija zinakonzedwa m'caka ca 2005, koma ambiri a mitundu imeneyi ananena kuti kukonzako sikunafike pa muzu. Ife a ku Malawi tisaseke mnzathu. Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress m'caka ca 1944, anali wa ku Mpoto. Koma ufulu utangokhala zaka 4, m'caka ca 1968, Citumbuka cinacotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu, ndipo pa wailesipo cinabwerera m'caka ca 1994.