Makina a boma aziyesedwera ku Thambani

Pa mayankho onse amene Mmalawi amalandira pa windo la ofesi masiku ano, lowawa kwambiri ndi lakuti "netiweki yavuta, mubwere mawa." Wa mu Blantyre akamva zimenezi amang'ung'udza, n'kukwera minibasi, mawa abweranso. Wa ku Thambani, kumalire a boma la Mwanza ndi dziko la Mozambique, mawa lakelo ndi ndalama ina ya njinga yamoto ndi tsiku lina losagwira khasu. Ngati wabwerera feteleza, ndiye kuti akupikisana ndi mvula imene sidikira munthu. Ife tikuti yankho limeneli tileke kulilandira ngati tsoka logwa kumwamba. Kawirikawiri limachokera pa zimene anthu ena anasankha pogula ndi pogawa makompyuta a boma, ndipo anthuwo ali ndi maofesi amene tingawafunseko.

Tikumbutsane za mu Okutobala 2020, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 linali pa K4,495, ndipo mabanja oyenera kupindula anali oposa 3 miliyoni. Makuponi apepala anathetsedwa. M'malo mwake mlimi ankabwera ndi chiphaso cha unzika, chija nthambi ya NRB inalembera anthu oposa 9 miliyoni mu 2017. Ganizolo linali labwino, chifukwa makuponi ankaberedwa ndi kusindikizidwa mwachinyengo. Koma amene anaima pamizere ya chaka chimenecho sanaiwale. Matumba ali mbwee m'shedi, ndalama ili pa mfundo ya chitenje, kalaliki waloza foni pa chidindo cha kumbuyo kwa chiphaso, kenaka kagudumu n'kumangozungulira pagalasi. Akweza foni m'mwamba, atuluka nayo panja, adinanso. Dzuwa lipendeka atagulitsa matumba owerengeka. M'madera ambiri anthu ankagona pamalo ogulitsirapo kuti asataye malo, ndipo mavenda ankazungulira pomwepo kunyengerera otopa kuti awagulitse mwayi wawo.

Kalalikiyo akati netiweki, amakhala akunena mavuto awiri amene iye alibe njira yowasiyanitsira. Loyamba ndi la nsanja ya kampani ya mafoni: ili kutali, yabisika kuseri kwa phiri, kapena magetsi azima ndipo jenereta ilibe mafuta. Lachiwiri lili kumapeto ena a ulendo, pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene imasunga mndandanda wa maina. Foni ya ku Thambani imafunsa kuti, kodi mayi awa alimo, ndipo sanagule kale? Seva iyenera kuyankha. Mafoni a m'maboma onse 28 akafunsa funso lomwelo m'mawa umodzi, seva yochepa mphamvu imatsamwa, ngakhale timizere ta netiweki pa foni titadzaza. Vuto loyamba timalidziwa ndipo timalidandaula tsiku ndi tsiku. Lachiwirili silikambidwa kawirikawiri m'Nyumba ya Malamulo, chonsecho ndi limene lili m'manja mwa boma lenilenilo.

Pali gawo lathunthu la kafukufuku wa sayansi ya makompyuta limene limalimbana ndi funso limeneli: makina alipo owerengeka, ofuna thandizo ndi ambiri ndipo sabwera mofanana, tigawe bwanji? Masamu ake ndi akale kuposa kompyuta. Mu 1909 katswiri wa ku Denmark, Agner Krarup Erlang, akugwira ntchito ku kampani ya matelefoni ya ku Copenhagen, anayamba kuwerengera kuchuluka kwa mawaya ofunika kuti oimba asamapeze onse ali otanganidwa. Zimene masamu amenewa amaonetsa n'zodabwitsa kwa wosazizolowera. Pa chitsanzo chophweka kwambiri, makina akamagwira theka la ntchito imene angathe, munthu amatha nthawi yowirikiza kawiri imene akanatha pakanakhala popanda mzere. Akafika pa 90 peresenti, nthawiyo imawirikiza ka 10. Pa 99 peresenti imawirikiza ka 100. Mwini chigayo amazidziwa bwino popanda kupita ku koleji: masiku wamba amayi amagayitsa n'kumapita, koma Khirisimasi ikayandikira, madengu ochepa owonjezera amakwanira kuti mzere utulukire kumsewu, injini ndi yomweyo.

Ndiye pali china choipitsa zinthu. Kalaliki akaona kuti sizikuyenda amadinanso, ndipo anzake mazanamazana m'dziko lonse akuchita chimodzimodzi. Kudina kulikonse ndi funso latsopano pamwamba pa lakale limene silinayankhidwe. Seva imene inangolemedwa pang'ono imagweratu. Akatswiri anapeza kale mankhwala ake: pulogalamu ya pa foni izidikira kanthawi kotalikirapo ikalephera, mafoni asabwerezere onse pa sekondi imodzi, ndipo seva izikana msanga mwaulemu m'malo mongokhala chete. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Zimafuna kuti wolemba mgwirizano ndi kampani yopanga pulogalamu adziwe zoti azifunse.

Chimene chikutikhudza kwambiri ndi ichi: seva ikadzaza, si onse amene amavutika mofanana. Funso lililonse limapatsidwa masekondi owerengeka, likapanda kutha limadulidwa. Foni ya pa Ginnery Corner mu Blantyre, imene ili pafupi ndi nsanja yamphamvu, imamaliza zake msanga n'kutenga malo. Ya ku Thambani, imene uthenga wake ukuyenda mokwawa, ndiyo imadulidwa, n'kuyambiranso kumapeto kwa mzere. Palibe nduna inalamula kuti wakumudzi azithandizidwa pomaliza, koma nambala imodzi imene wopanga pulogalamu analemba ali mu ofesi ya intaneti yothamanga imachita zomwezo mwakachetechete.

Makampani akuluakulu a kunja anathana ndi vuto la kudzaza pomanga nyumba zodzaza maseva, n'kumabwereketsa mphamvu yake pa ola, zimene zimatchedwa cloud. Ofuna thandizo akachuluka, makina ena amadzuka okha, akachepa amabwezedwa ndipo malipiro amatsika. Amazon inayamba malonda amenewa mu 2006, ndipo mwina ambiri sadziwa kuti gawo lake lotchuka la EC2 linapangidwa ndi gulu la akatswiri amene ankagwirira ntchito ku Cape Town. Microsoft inatsegula malo ake ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Choncho makina obwereka ali pafupi kuposa kale.

Komabe sitikunena kuti boma lingonyamula zonse kukazisiya kumeneko. Lendi yake ndi ya madola, ndipo dziko limene linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, likudziwa tanthauzo la ngongole ya mwezi ndi mwezi ya ndalama zakunja. Kuwonjezera apo, Malawi alibe nyanja yamchere. Intaneti yathu imadzera m'maiko a anzathu, ina mwa iyo kudutsa m'boma la Mwanza lomweli kulowa ku Mozambique. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, ifenso tinali m'gulu la maiko amene intaneti inavuta. Palinso lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024, limene likuika malire pa kutumiza kunja zinsinsi za nzika.

Kusunga zonse kwathu kuno nakonso kuli ndi minga yake. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Seva sidziwa za ndondomeko ya kuzimazima kwa magetsi. Ndipo kukhala ndi makina m'nyumba yako sikutanthauza kuti makiyi ali nawe. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, mpaka mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza aphungu mu Febuluwale kuti makina a mapasipoti alowedwa ndi anthu ofuna dipo. Anthu a ku Mwanza, amene amaona tsiku lililonse mabasi a ku Joni akudutsa pachipata kulowera ku Zobue ndi Tete, akudziwa kuti pasipoti kwa ambiri ndi khasu.

Pakati pa njira ziwirizi pali mwayi umene sitikuugwiritsa ntchito mokwanira. Mu Julayi 2022 boma linatsegula National Data Centre mu mzinda wa Blantyre, imene inamangidwa ndi kampani ya Huawei. Phindu la malo otere lili pa kugawana. Mizere yathu imadziwika nyengo yake: feteleza ndi pakati pa Okutobala ndi Disembala, zotsatira za mayeso a MANEB zili ndi masiku ake, malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi kumapeto kwa mwezi, misonkho ili ndi tsiku lake lomaliza. Sizidzaza zonse nthawi imodzi. Unduna uliwonse ukagula seva yakeyake, imakhala ikuwodzera miyezi khumi, n'kudzalephera m'miyezi iwiri imene ikufunika. Makina omwewo akaikidwa pamodzi, mphamvu n'kumasunthidwa kutsata nyengo, ndalama yomweyo ingathandize anthu ambiri, ndipo zobwereka kunja zingakhale zongothandizira pa masiku ovutitsitsa. Chovuta apa si sayansi ayi. Ndi mtima uja wa m'maofesi wakuti chogulidwa ndi ndalama za pulojekiti yathu ndi chathu, ena asakhudze.

Funso lalikulu kwa Thambani ndi lina: kodi n'chifukwa chiyani kugulitsa thumba limodzi kuyenera kudikira chilolezo cha kompyuta imene ili kumzinda? Dziko lino lili ndi mbiri yoyankha funso limeneli. Kuyambira mu 2001 pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, ntchito imene inadzakhala bungwe la Baobab Health Trust inaika makompyuta ongodina pagalasi, odya magetsi ochepa, oyendera mabatire, seva yake ili pachipatala pomwepo. Anapangira dala dziko limene magetsi ndi netiweki n'zosadalirika. Nzeru yomweyo ingagwire pa feteleza: foni ya kalaliki isunge maina a alimi a dera lakelo, igulitse ngakhale netiweki kulibe, madzulo kapena mawa n'kukatumiza zonse. Tikudziwa chimene akuluakulu amaopa, kuti munthu mmodzi angagule kawiri pamalo awiri makina asanauzane. Manthawo ndi oona. Koma limenelo ndiye funso loyenera kafukufuku, ndipo lili ndi mayankho odziwika, monga kumanga dzina lililonse ku malo amodzi ogulira, kapena kupatsa foni iliyonse chiwerengero cha matumba amene ingagulitse isanalumikizane ndi likulu. Kubweza mudzi wonse chifukwa choopa akuba awiri ndi mtengo umene palibe anauwerengera.

Ofufuza tili nawo: ku MUBAS mu Blantyre, ku MUST ku Thyolo, ku UNIMA ku Zomba, ku Mzuni. Tili ndi MAREN yolumikiza masukulu aukachenjede, ndipo likulu la UbuntuNet Alliance, lolumikiza mabungwe otere kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, lili ku Lilongwe. Chimene akusowa ndi zoti afufuzepo. Kafukufuku wa mtundu uwu amadalira kaundula amene seva imalemba yokha: funso linafika nthawi yanji, kuchokera kuti, linatenga masekondi angati, linatheka kapena linadulidwa. Google inatulutsa kaundula wotere wa makina ake mu 2011, Alibaba ndi Microsoft anatsatira mu 2017, ndipo ophunzira padziko lonse alembapo mapepala osawerengeka. Wophunzira wathu akafuna kuyesa njira yatsopano yogawira ntchito, amakatenga za Google zomwezo, n'kuthetsa vuto la kampani imene ilibe vuto la magetsi, pamene kaundula wa mizere ya feteleza ali m'kabati ya unduna. Mainawo angachotsedwe, manambala a ziphaso angabisidwe. Chotsalacho si chinsinsi cha mlimi aliyense. Ngati pali amene angachite nacho manyazi, ndi amene anagula makinawo.

Tikupempha tsono zinthu zimene sizikusowa ngongole ya kunja. Unduna wa Zamalimidwe, kaya ndondomeko ya feteleza itchedwe dzina lanji chaka chimenecho, uzitulutsa nyengo ikatha chiwerengero cha maola amene makina anali pansi, dera ndi dera, ndi kusiyanitsa zolephera za nsanja ndi zolephera za seva. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zaulimi izifunsa manambala amenewo monga imafunsira matani a feteleza. Nthambi yoona za makompyuta a boma igwirizane ndi masukulu athu aukachenjede kuti makina aliwonse othandiza anthu aziyesedwa powathira mafunso ochuluka ngati a tsiku lotsegulira, lisanafike tsikulo. Ndipo kampani iliyonse yopanga pulogalamu ya boma isalandire malipiro omaliza chifukwa choti zinayenda bwino pa chionetsero cha mu hotela ku Lilongwe. Mu mgwirizano mulembedwe kuti ayenera kupita nayo ku Thambani, mwezi wa Novembala, pa foni yotsika mtengo ya kalaliki wamba, alangizi a zaulimi ndi mafumu a m'deralo akuona, n'kugulitsa matumba kuyambira m'mawa mpaka madzulo.