Yankho la Mkonzi: Nyale Ikazima, Waya Amakhalabe ndi Moto

Pali mawu amene afala pakati pa amisiri a zamagetsi, oti nyale ya pamsewu wa ndege ikazima, kapena wa kunsanja yoyang'anira ndege akanena kuti wathimitsa, munthu akhoza kugwira waya mopanda mantha. Mawu amenewa ndi olakwika, ndipo akhoza kuphetsa munthu.

Onena zimenezi amaganizira magetsi a m'nyumba, a mavolti 230, amene amadzithimitsa okha pakachitika shoti. Pamabwalo ambiri a ndege sizitero. Nyale zambiri zimalumikizidwa pa waya mmodzi wozungulira msewu wonse, ngati mikanda pa ulusi. Makina otchedwa CCR ndi amene amadyetsa wayayo, ndipo ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti mphamvu ya ma ampere 6.6 ikuyendabe nyale zikamawala kotheratu. Akapeza chotchinga panjira, amangokweza mavolti. Makina a makilowati 30 amafika pa mavolti opitirira 4,500. Thupi la munthu likalowa panjira imeneyi, makinawo amaliona ngati nyale ina yofunika kuidyetsa moto. Kumbukirani kuti kachipangizo koteteza moyo m'nyumba kamadula magetsi pa ma milliampere 30 okha.

Nanga nyale yozimayo? Nyale iliyonse ili ndi kathiransifoma kake kokwiriridwa m'mbali mwa msewu, kuti babu limodzi likapsa zinzake ziziwalabe. Choncho mmisiri amene wagwada pa nyale yakufa, n'kuvundukula chivindikiro cha dzenje lodzaza madzi a mvula, ali pafupi ndi waya wamoto.

Mawu a pawailesi yolumikizirana nawonso si loko. Wa kunsanja akhoza kusinthana ndi mnzake, ndipo wobwerayo akaona chifunga kapena ndege ikuyandikira adzayatsa nyale osadziwa kuti kunja kuli munthu. Kuzima kwa magetsi a ESCOM sikuteteza aliyense, chifukwa jenereta ya pabwalo imadzuka yokha m'masekondi ochepa, monga malamulo a bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO amafunira.

Njira yotetezeka ndi yodziwika. Mmisiri mwiniwake apite kuchipinda cha makina, athimitse CCR, achotse wayayo ku makinawo ndi kumulumikiza kunthaka. Akhome loko wake, apachike chikwangwani cha dzina lake, kiyi aike m'thumba. Akafika pa nyale ayeze ndi mita yopanira pa waya, imene waiyesa kale pamalo ena amoto. Asagwire ntchito yekha, ndipo mphezi ikayamba asiye zonse.

Tikudziwa kuti nthawi imachepa, ndege sizidikira, ndipo kuchoka kumapeto kwa msewu kukafika kuchipinda cha makina ndi mtunda. Koma vuto limenelo ndi la akuluakulu a bwalo. Iwo apereke nthawi yotseka msewu, agule maloko ndi mamita, aphunzitse antchito, ndipo mmisiri amene wakana kugwira waya wosakhomedwa loko asadzudzulidwe chifukwa chochedwetsa ndege.