Mpando wa galimoto si wongokhalapo chabe

Abale anga, lero tisiye kaye za BP ndi shuga. Tikambe za mpando umene mumakhalapo m'galimoto.

Ine ndimati mpando wogwedera ndi woopsa ngati mabuleki osagwira. Tsiku lina ku wodi tinalandira mayi wothyoka miyendo yonse iwiri. Minibasi imene anakwera sinaphwanyike kwenikweni. Koma benchi ya kumbuyo kwawo, yochita kuwotcherera, inazuka pamodzi ndi anthu amene anakhalapo n'kuwapanikiza mayiwo.

Galimoto ikawomba chinthu cholimba pa liwiro la makilomita 50 pa ola, zimafanana ndi kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10. N'chifukwa chake opanga galimoto amamanga mpando ndi mabawuti olimba, pamalo amene analimbitsa mwadala, ndipo njanji zosunthira mpando zimakhala ndi mano otsekera. M'galimoto zambiri, polowetsa lamba pamamangidwa kumpando womwewo. Mpando ukazuka, lambayo sangakugwireninso.

Inu oyendetsa ndi okwera, chitani izi:

1. Mukasuntha mpando, ugwedezeni mpaka mumve kuti watsekeka. Osasuntha galimoto ikuyenda.

2. Chotsamira mutu musachichotse. Nsonga yake ifanane ndi pamwamba pa mutu wanu, ndipo chiyandikire kunkhongo. Chimateteza khosi mukagundidwa kumbuyo. Nkhani ya khosi ndi yaikulu moti mu 1998 kampani ya Volvo inayamba kuika mipando imene imafwamphukira kumbuyo pang'ono pangozi yotereyi, kuti khosi lisakwapulike.

3. Musagoneke mpando ngati bedi. Pangozi thupi limatsetsereka kunsi kwa lamba, ndipo lambayo amafinya mimba m'malo mogwira mafupa a m'chiuno. Matumbo amatha kung'ambika, munthu n'kumataya magazi mkati kunja akuoneka bwinobwino.

4. Pakati pa chifuwa ndi chiwongolero pakhale masentimita osachepera 25, kuti airbag ikatuluka isakuvulazeni.

Ndikudziwa eni minibasi anena kuti mafuta adula, benchi yowonjezera ndiyo imabweretsa phindu. Ndikumva. Koma mayi uja anagona miyezi m'chipatala, geni yawo itaima, ana akusowa wowasamalira. Phindu la benchi imodzi silingalipire zimenezo.

Oyeza galimoto popereka COF azigwedezanso mpando uliwonse, monga amayesera mabuleki ndi magetsi. Nanunso mukakwera n'kumva mpando ukugwedera, musachite manyazi. Uzani kondakitala, sinthani malo, kapena tsikani mudikire ina.

Kodi munakhalapo pa mpando wotere? Tiuzeni zimene munachita. Muyende bwino.