Musatilande Calculus, Tiphunzitseni Bwino

Lachinayi lapitali m'bwalo lathu lino la alembi, mvula ya mawawa ikugwa panja monga mwa nthawi zonse kuno ku Mzuzu, mnzathu wina anawerenga nkhani yake yodandaula za calculus. Mfundo yake inali yakuti ife ophunzira za malonda, za chuma ndi za kakhalidwe ka anthu tikungozunzika pachabe. Masamu amenewa, anatero iye, ndi a mainjiniya, ndipo achotsedwe pa maphunziro athu. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe, ndipo popeza nthawi inatha ndisanalankhule, ndayenera kulemba.

Ndiulule poyamba kuti ine ndinalephera calculus chaka changa choyamba. Pa koleji ina imene sinditchula dzina, aphunzitsi athu ankangolowa, nkutipatsa msana, nkudzaza bolodi ndi zizindikiro mpaka nthawi itatha. Zitsanzo zawo zinali za makwerero otsetsereka pakhoma ndi mpira woponyedwa m'mwamba. Ukafunsa kuti zikukhudzana bwanji ndi malonda, yankho linali lakuti zibwera pa mayeso. Choncho mkwiyo wa mnzathuyu ndikuudziwa bwino. Koma ngati wolakwa ndi wophika, ufa walakwanji kuti tiutaye?

Tikachotsa zizindikiro zoopsazo, funso lalikulu la calculus ndi ili: kodi chinthu chikusintha mofulumira bwanji pa nthawi inoyo? Kukula kwa chinthu ndi nkhani ina, liwiro la kusintha kwake ndi nkhani inanso, ndipo liwiro limeneli ndilo akulitcha derivative. Mukuganiza kuti ndi za mainjiniya zimenezi? Wailesi ikalengeza kuti inflation yatsika, amayi athu ku Chibavi ndi ku Zolozolo amayembekeza kuti mawa sopo ndi mafuta ophikira zitsika mtengo. Sizitsika ayi. Chimene chatsika ndi liwiro la kukwera kwa mitengo. Mitengoyo ikukwerabe, monga lole imene yachepetsa liwiro pa chitunda koma siinabwerere pansi. Andale amakudziwa kusiyana kumeneku ndipo amabisalamo. Tsono munthu wovala gauni la digiri ya zachuma, amene sangathe kuwafotokozera agogo ake zimenezi, anapita kusukulu kukatani?

Nanga katapila? Tiyerekeze kuti mwakongola K10,000 pa chiwongoladzanja cha 50 peresenti pa mwezi, ndipo chiwongoladzanjacho chikuberekanso chinzake. Ambiri amawerengera m'mutu kuti pa miyezi 6 adzabweza K40,000. Zoona zake ndi zakuti ngongoleyo idzakhala itapitirira K113,000. Jacob Bernoulli ankasinkhasinkha za chiwongoladzanja choberekana chotere mu 1683 pamene anatulukira nambala ija timaitcha e, pafupifupi 2.718, imene ambirife tinailoweza osauzidwa kuti inabadwira m'nkhani ya ngongole.

Koma chitsanzo chimene chimandiwawa kwambiri chili pa khomo pathu pomwe. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera kuno kupita ku Mzimba amadutsa ku Chikangawa. Nkhalango ya paini ya Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inabzalidwa kuti izidyetsa fakitale yopanga zipangizo za mapepala ku Chintheche, fakitale imene siinamangidwe. Kenaka moto ndi macheka zinadya mbali yaikulu ya nkhalangoyo, ndipo amene anaiona kale amagwira pakamwa akaona zitsa. Tsono funso la mwini mitengo aliyense ndi lakuti: mtengo ndiudule liti? Ukadali waung'ono umakula msanga, ndipo kuudula ndi kutaya phindu la mawa. Ukakalamba umakula pang'onopang'ono, ndipo kuusiya ndi kugoneka ndalama zimene zikanabereka kwina. Pakati penapo pali chaka chimene phindu la kudikira limafanana ndi mtengo wa kudikirako, ndipo chaka chimenecho ndicho chodulira. Katswiri wa nkhalango wa ku Germany, Martin Faustmann, analemba za kawerengedwe kameneka mu 1849. Sindikunena kuti calculus ikanazimitsa moto kapena kuthetsa dyera. Imeneyo ndi milandu ina. Ndikunena kuti amene adzagawe ziphaso zodulira ndi kuika mitengo ya matabwa zaka zikubwerazi ndi ife a za malonda ndi zachuma, osati mainjiniya. Kodi tikufuna tidzazichite mongolota?

Anzanga a sociology asaseke. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, akuchuluka ndi 2.9 peresenti pa chaka. Pa liwiro lotero chiwerengero chimawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi 24. Makalasi, mabedi a kuchipatala, mipope ya madzi ku Mchengautuwa: zonsezi muziwerengera ndi ndakatulo?

Ndi inu tsono aphunzitsi athu olemekezeka, pepani, mundilole ndinene. Augustin Cournot anagwiritsa kale ntchito calculus pofotokoza za mitengo ndi phindu la wamalonda mu 1838. Papita zaka zoposa 180, inu mukutiponyerabe mpira m'mwamba. Mabuku ochokera kunja amakamba za mafakitale amene sitinawaonepo, chonsecho alimi a khofi a ku Misuku ndi ku Phoka, ogulitsa usipa wa ku Nkhata Bay ndi anyamata a kabaza ali pafupi. Wakabaza amadziwa kuti akakweza mtengo anthu ena ayenda pansi, akautsitsa atopa pachabe. Tsiku ndi tsiku akufunafuna pamene phindu lifika pachimake. Mutu umene mumautcha optimisation iye amaupalasa ndi miyendo. Bwanji osayambira pamenepo sabata yoyamba, zizindikiro nkudzabwera pambuyo?

Ine ndinakhoza ulendo wachiwiri chifukwa mchemwali wanga, amene amagulitsa tomato mu msika waukulu, anandilola kulemba mtengo wa ndowa imodzi m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu. Nditajambula manambalawo pa pepala, ndinauona ndi maso mzere ukukwera, ukufooka, kenaka nkutembenuka. Kope limenelo ndikadali nalo, ndipo Lachinayi likudzali ndibwera nalo. Mnzanga amene munawerenga nkhani ija, mudzakhale pafupi ndi ine, ndipo mudzatenge pensulo.