Kusala kwa okhuta m'miyezi ya njala

Nyengo ya Lenti, masiku 40 aja oyambira Lachitatu la Phulusa osawerengera a Lamulungu, imatipeza kuno kwathu nkhokwe zili pululu. Mu February ndi March chimanga chimakhala chikadali m'munda, ndipo mabanja ambiri amagonera maungu, mwinanso phala la madeya. Njala ya 2002 inafika pachimake m'miyezi yomweyi, Akhristu ali mkati moyenda Njira ya Mtanda.

Nanga kwa mayi wodya kamodzi patsiku, tikamalalikira za kusala kudya tikumuuza kuti asiyenso chiyani? Iyeyo anayamba kale kusala, popanda womufunsa.

Mawuwa akulunjika kwa ife amene tili ndi thumba la ufa m'nyumba. Timasiya nyama Lachisanu, nkukagula chambo cha mtengo woposa nyamayo, mtima uli mbee kuti tadzimana. Ena timasiya mowa, ndalama yake nkuisungira phwando la Pasaka. Kumeneko ndi kusintha ndiwo chabe.

Mneneri Yesaya, pa mutu 58, anadzudzula anthu osala kudya kwinaku akupondereza antchito awo, ndipo anati kusala kokondweretsa Mulungu kumaoneka pogawana chakudya ndi anjala. Tisayang'ane kutali. Waganyu amene anatibandira m'munda tamulipira zonse kodi, kapena tikumuuzabe kuti abwere mawa?

Mbale ya ufa imene sitinaphike lero isabwerere m'thumba. Atsogoleri a mphakati ndi a mvano akudziwa makomo amene sipanafuke utsi kuyambira dzulo, tiwafunse atiperekeze.