Za Nsapato Zopanda Zingwe

Abale anga a m'migodi, sabata ino ndifuna kuceza nanu za nsapato zija zopanda zingwe zimene Azungu azicha lofa. Dzinali lisakukhumudwitseni. Kwathu lofa ndiye munthu wosowa nchito, koma nsapatozi ogula ace ndi inu okhetsa thukuta.

Caka catha ine ndinatayapo ndalama. Ndinaona lofa za suwedi zofiirira pa windo la sitolo ina ku Johannesburg, ndipo ndinalipira osafunsa kanthu. Pa Sabata lacitatu mvula inandipeza pocokera ku chalichi, soli ya kumanzere niyasama ngati ng'ona. Ndinalowa m'komboni nsapato ziri kumanja, anyamata ali kuseka kuti kalaliki lero wayenda ca pansi. Madala ena osoka nsapato pafupi ndi cipata ndiwo anandiphunzitsa zimene ndilemba pano.

Poyamba itembenuzeni nsapatoyo, mufune ulusi. Soli yosokedwa ikatha, mmisiri aicotsa naika ina, ndipo nsapato ikhala zaka. Yanga ija inali yongomata ndi guluu wacabe.

Koma cacikuru ndi kagwiridwe kace. Popeza palibe cingwe comanga, cogwira phazi ndi cikopa ca pamwamba ndi ca kucidendene basi. Bvalani zonse ziwiri, muyende nazo m'sitolo momwemo, wogulitsa angakwinye nkhope bwanji. Cidendene cikamaturuka poponda, isiyeni, cifukwa suwedi imatamuka, ndipo yokhwepa lero mwezi wa mawa idzakhala ngati patapata. Igwire phazi ndithu, koma zala zikhale pa ufulu. Kayeseni madzulo mutaweruka, mapazi atatupa ndi nchito. Amene ayesa m'mamawa adzalira ndi matuza.

Suwedi ndi cikopa comwe, koma mbali ya m'kati, yopalidwa kufikira ioneka ngati ubweya wosalala. Dzina lace licokera ku mau a Cifalansa onena dziko la Sweden, kumene kunali kucokera magolovesi a cikopa cotere. Sisitani ndi cala. Yabwino ubweya wace ndi waufupi, wofanana ponse. Ikasiya utoto pa cala, kapena ikapyapyala ngati pepala, bwezani cikwama m'thumba.

Mtundu wa nsapatozi unachuka ku America pamene kampani ya G. H. Bass inayamba kupanga zace m'caka ca 1936, potengera za ku Norway. M'caka ca 1953 Gucci wa ku Italy anaikapo kacitsulo konga ka m'kamwa mwa kavalo. Lero ambiri atsanzira kacitsuloko, ndipo ndi komwe kanandikopa ine pa windo paja. Ulusi sindinauyang'ane konse.

Polishi musapake ai. Mnzanga wa ku Dedza anatero, nsapato zace nizisanduka ngati cikopa ca mbuzi coyanika. Pfumbi la mapiri a mcenga wa m'migodi, lija liuluka mu August, licoka ndi kaburashi kouma. Zikanyowa, pinirani mapepala m'kati, ngakhale nyuzi yomwe ino mutatha kuwerenga, ndipo ziume pamthunzi, kutali ndi mbaula.

Zanga zija madala aja anazisoka bwino lomwe. Ndidzapita nazo kumudzi, koma m'basi ndidzabvala zakale. Izi zidzaturuka m'sutikesi pa Sabata pokha, ndiponso nditayamba ndayang'ana kumwamba.