Chikwangwani cha m'kalasi chiyankhule Chichewa

Amayi anzanga, masiku ano kupanga chikwangwani cha m'kalasi sikuvuta. Mnyamata wa kompyuta pa Mwanza boma amangotsegula Microsoft Publisher kapena Canva, n'kusankha zithunzi, mawa lake mwalandira chinsalu chowala. Chimene chimandidandaulitsa ndi zolembedwapo. Zambiri zimakhala Chingerezi chokopera pa intaneti, zilembo ngati nyerere, mwana wa Sitandade 3 wokhala kumbuyo osaona kanthu.

Chonsecho zimene mwana wawerenga pakhoma amakazinena kwa mayi ake kukhitchini, ndipo pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 uthenga wotere unali wofunika zedi. Choncho mukasonkha ndalama za manachesi kuti mupangitsire sukulu chikwangwani, musamusiyire yekha mnyamatayo. Mawu akhale ochepa, a Chichewa, owerengeka munthu ataima pakhomo. Pachithunzi paoneke ndowa ya mpopi yathu yomweyi, osati sinki ya ku London.

Zolemba ndi choko zimafufutika, koma chinsalu chikhala pakhomapo zaka. Musanalipire, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo ayambe wachiwerenga. Paketi imodzi ya Thanzi timaisungunula m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Akalemba theka la lita, mchere uchuluka, ndipo madziwo angapweteke khanda limene likutsekula m'mimba.